Nyani wa pa Khonde la ku Al Nahda

Lachiwiri, 7 Epulo 2020

Lero ndikanafa chifukwa cha shati ya ababa, koma chimene chikundiwawa si chimenecho.

Mphepo inaulutsa yunifolomu yawo pachingwe n'kukaikoleka pa paipi ya makina oziziritsa m'nyumba, kunja kwa khonde lathu, cha m'mwamba. Eni ake anali ku ntchito ku Mirdif. Kuno ku Dubai kuli lokodauni ya mliri: anthu a m'supamaketi ngati iwo amaloledwa kutuluka, enafe mpaka pemiti. Ndinayesa ndodo ya mopu, inaperewera. Ndiye Bilali wanzeru uja, ineyo, wokhoza masamu uja, anakwera pa chitsulo cha khonde, dzanja limodzi pa paipi, linalo likuwedza shati. Fulati yathu ili m'mwamba moti magalimoto amaoneka ngati mabokosi a machesi. Ndinayang'ana pansi kamodzi. Msewu uli zii, ngakhale munthu woti adzafotokoze mmene ndinagwera panalibe.

Kenako mawu pamwamba panga. Agogo aamuna a fulati ya pamwamba pathu, a ku Thailand, amene amathirira tsabola wawo m'zitini atavala vesiti. Anali atasuzumira pansi, akumenya chitsulo ndi chikhatho, akukalipa m'chinenero chawo. Sindinamve kalikonse kupatula liwu limodzi lomwe limangobwerabwera: ling, ling. Kumbuyo kwawo kunatulukira mutu wa Ton, mdzukulu wawo, wa m'kalasi mwanga. Ine ndi Ton takwera basi imodzi ya sukulu kuyambira chaka chatha, ndipo nkhani yaitali imene tinachezapo ndi yakuti "suntha pang'ono".

Shati ndinaitenga. Ndinatsika. Kenako ndinatsegula laputopu n'kufufuza liwu lija.

Pusi. Nyani. Ndi chithunzi chomwe, kanyani kakudya nthochi, kakundiyang'ana ngati timadziwana.

Aka si koyamba. Chaka chatha pa bwalo la mpira anyamata ena ankalira ngati anyani ndikagwira mpira. Tsiku limenelo ndinamwetulira ngati chitsiru, n'kusiya mpira mpaka lero. Koma kuno ndi kwathu, pakhonde pathu, pamene ndimayanika makabudula anga.

Lachitatu, 8 Epulo

Ndawayankha agogo aja mwamphamvu kwambiri. M'bafa, ndili ndekha, shawa ikutuluka. Anasowa chonena.

Kalasi ya Chingerezi pa Zumu: Misi Jean apereka ntchito. Aliyense asankhe liwu limodzi la chinenero chilichonse, afufuze kumene linachokera, adzafotokoze pamaso pa kalasi Lolemba pa 20, kamera yoyatsa. Anzanga anayamba kulanda mawu osavuta, khofi, shuga, sofa. Ine ndinangoyang'ana kabokosi ka Ton pa sikirini. Amadya chinachake kamera ili yoyatsa, wopanda nkhawa, ngati munthu amene agogo ake sanatukwane aliyense.

Ndalemba dzina langa, liwu ndati ndinena mawa. Ndikulidziwa kale. Anyamata ena akanyozedwa amamenya. Ine ndikanyozedwa ndimakonza masilaidi.

Lachinayi, 9 Epulo

Ndafufuza mpaka maso kuwawa, masamu osagwira n'komwe.

Ling ndi liwu lawolawo, sanabwereke kwa wina. Akatswiri akuti linalipo kale makolo a anthu a ku Thailand ndi a ku Laos asanasiyane, ndipo ku Laos mpaka lero amatero. Ndiye kuti agogo aja sananditukwane ndi liwu la dzulo. Anandisankhira lachikhalekale, la makolo. Ulemu umenewo ndauona.

Chosangalatsa n'chakuti anyani akuluakulu opanda mchira aja, agorila ndi achimpanzi, kawirikawiri amangowatchula kuti ling mai mi hang, kutanthauza nyani wopanda mchira. Ndinaseka kuti chinenero chosauka, mpaka nditayesa kupeza liwu lathu. Tili ndi nyani, pusi, nchima, onse a michira. Enawo nafenso timangozungulira. Ndinasiya kuseka.

Ndinapita pagalasi la m'bafa kukatsimikiza. Mchira ndilibe. Choncho ngakhale pa sayansi agogo aja analakwitsa gulu. Mfundo imeneyi ilowa pa silaidi yachitatu.

Palinso liwu lina la m'mabuku, wanon, lochokera ku Chisansikiriti cha ku India, vanara. Ena amati ndi mawu awiri, nkhalango ndi munthu, munthu wa m'nkhalango, ngakhale ena amatsutsa. Ababa atabwera ndinawafunsa ngati anzawo a ku India ndi Pakistan ali ndi liwu la nyani. Anati bandar, amalimva tsiku lililonse ku sitolo wina akakwera mashelefu opanda makwerero. Ndinayang'ana, mabuku akuti nalonso ndi mdzukulu wa vanara yemweyo. Ndinakuwa ndi chimwemwe. Ababa anandiyang'ana atanyamula sanitaiza, nafunsa ngati sukulu ya masiku ano ikuphunzitsa za anyani basi.

Za paipi sindinawauze. Shati anaivala, ili bwinobwino.

Lachisanu, 10 Epulo

Adhana ya lero, kuitanira mapemphero kwa ku mzikiti kuja, inati swalini m'nyumba zanu. Taswali pabalaza ine ndi ababa, kapeti itapindidwa. Pamwamba wina amakoka mpando.

Loweruka, 11 Epulo

Ndayamba ukazitape. Ndimakhala pakhonde kuseri kwa zochapa, n'kumamvetsera za pamwamba.

Zimene ndapeza: ali atatu. Amayi a Ton ankaphika ku lesitilanti ina yomwe yatsekedwa, ndiye tsiku lonse amasinja zinthu mu kamtondo, fungo lake limatsika kudzandizunza. Agogo aja Ton amawatchula kuti Ta. Ababa akuti agogowo anabwera kudzacheza mwezi umodzi, ndege zinaima, basi atsekeredwa kuno monga amayi ndi mlongo wanga Zakiya atsekeredwa ku Balaka chipitire ku maliro a amalume. Mabanja awiri, lina lachuluka, lina laperewera.

Masana ndinamva phokoso ngati munthu wadumpha kuchokera pa sofa, kenako agogo aja: ling! Ndi kuseka kwa amayi aja. Ndiye kuti akundinenabe, patha masiku angapo. Ndalemba pa pepala la umboni.

Lolemba, 13 Epulo

Ndinali nditatsamira chitsulo cha khonde, ndikuyang'ana amphaka a pa malo oimika magalimoto, pamene madzi anandithira m'khosi. Osati madontho a tsabola aja. Kapu yathunthu, ozizira, onunkhira maluwa. Pamwamba kuseka kwa anthu atatu.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko mwamphamvu, chitseko chake chotsetsereka chija chomwe sichidziwa kukwiya, chimangopita pang'onopang'ono. Ndinakhala pansi ndili chinyowere, ndikukonza chiganizo choyamba cha dandaulo kwa mwini nyumba. Ndisanalembe ndinati ndifufuze kaye, poti ndi matenda anga. Lero ndi chaka chatsopano cha kwawo, Songkran. Amathirana madzi. Ndi mafuno abwino. Ukathiridwa ndiye kuti akuwerengera.

Ndisanaganize chochita ndi nkhani imeneyi, china chake chinagunda galasi. Kadengu kapulasitiki kakulendewera pa chingwe cha nayiloni, m'kati mbale ya maluwa abuluu, mpunga womata wothira mkaka wa kokonati ndi mango oduladula. Mawu a Ton kuchokera m'mwamba, m'Chingerezi: "Amayi akuti mulibe nkhumba. Chaka chabwino."

Ndinatenga mbale. Ndinaganiza kuti sindidya, munthu ayenera kukhala ndi ulemu wake. Ulemu wanga unatha mango asanathe. Ndinanyambita ndi supuni yomwe. Ababa sindinawasiyire.

Lachiwiri, 14 Epulo

Ndatumiza voisi kwa amayi kufunsa ngati ndingangotsuka mbale n'kuibweza. Yankho linabwera msanga kuposa masiku onse, tambala akulira kumbuyo. Akuti mbale ya mnansi sibwerera yopanda kanthu, kaya ku Balaka kaya ku Dubai, ukabweza yopanda kanthu ndiye kuti wanena kuti tisadziwane. Akuti ndisawachititse manyazi kwa anthu a mitundu ina. Ndiikemo kanthu kophika ndekha, osati mabisiketi a ku sitolo ya ababa.

Ndinafuna kuti amvetse kuti anthu ake ndi otani, ndiye ndinafotokoza zonse, shati, paipi, liwu lija. Kulakwa kwanga kunali kuyamba ndi paipi.

Voisi yachiwiri ndaimvera katatu. "Iwe Bilali, pusi iwe! Unakwera chiyani? Ukufuna ndikuike m'manda pa foni? Nyani weniweni amakwera mtengo wa nthambi, iwe ukukwera paipi!" Kumbuyo Zakiya akuseka mpaka kutsokomola.

Amayi anga ondibereka. Pusi ndi nyani, onse awiri, mu voisi imodzi.

Izi zasokoneza kafukufuku. Koma si chimodzimodzi. Amayi akanena, akunena Bilali amene anathyola nthambi ya mango a kwa a Enos ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mlendo akanena, sindidziwa ngati akuona paipi kapena khungu. Ndipo sindingathe kulowa m'mutu mwake kukayang'ana.

Amayi anawauza ababa, zachidziwikire. Ababa sanakalipe. Anavula masiki, anasamba m'manja nthawi yaitali, kenako anati, "Shati kampani ikanandipatsa ina. Iweyo akanandipatsa ndani?" Anamasula chingwe cha zochapa n'kuchimanga m'bafa. Khalas, nkhani yatha. Kukalipa kukanakhala bwino.

Lachinayi, 16 Epulo

Kadengu kamatsika masana aliwonse, kopanda kanthu, kamalendewera pang'ono ngati kakufunsa, kenako kamakwera. Ine ndimabisala kuseri kwa katani m'nyumba mwanga momwe. Mbale ili pa firiji, yotsukidwa kawiri.

Kuphika ndimadziwa mazira ndi tiyi. Mazira sangakwere pa chingwe.

Loweruka, 18 Epulo

Masilaidi atha, ndipo ndi okongola, ndisaname. Mapu, mivi yochoka ku India kupita ku Thailand, zilembo zawo zopotanapotana zomwe ndakopera mosamala ngakhale sindingaziwerenge. Silaidi yomaliza ndi chithunzi chimene ndinajambula mobisa Lachinayi, nditatulutsa foni kunja kwa chitsulo: agogo aja atasuzumira, vesiti, kachitini kothirira m'manja, kukamwa kuli yasa. Pansi pake ndalemba kuti: Ndipo liwuli likugwirabe ntchito mpaka lero.

Ndaichotsa. Ndaibwezera. Ndaichotsanso, kenako ndinakumbuka bwalo la mpira ndi kumwetulira kwanga kuja, ndaibwezera. Ndaisiya kumapeto kwenikweni, kuseri kwa silaidi ya "Zikomo". Sindidzafikako. Ndikungofuna kudziwa kuti ilipo, ngati mpeni wa m'thumba.

Lamulungu, 19 Epulo

Ndayeserera pagalasi. Ndikamatchula wanon ndimaoneka ngati ndikuyasamula.

Lolemba, 20 Epulo

Ndinafikako.

Zinayamba bwino. Kamera yoyatsa koyamba chiyambire sukulu ya pa intaneti, kumbuyo kwanga khoma loyera lomwe ndinalisankha mosamala kuti mabedi asaoneke. Ndinafotokoza za ling, za Laos, za wopanda mchira. Pa nthabwala ya galasi la m'bafa anthu anaseka, ndinaona mapewa akugwedezeka m'timabokosi. Ine, Bilali, kuseketsa kalasi. Ton anali akumwetulira, anakweza chala chachikulu nditatchula vanara. Misi Jean anati kafukufuku wa bandar ndi wapamwamba.

Ndikuganiza kuti n'kuseka kuja kunandiledzeretsa. Pa "Zikomo" ndinamva kukamwa kwanga kukunena kuti pali chifukwa chimene ndinasankhira liwuli. Chala chinadina chokha. Ayi, ndisanamizire chala. Ndinadina.

Agogo aja anadzaza sikirini ya anthu onse, vesiti ndi kukamwa komwe. Ndinati munthu uyu amakhala m'nyumba yathu, ndipo ananditchula liwu limeneli kangapo, ndipo munthu wakuda akamva liwu limeneli samva za nyama. Za paipi sindinanene.

Kenako kabokosi ka Ton kanada.

Misi Jean anati apepesa kwambiri kuti zinandichitikira, ndalimba mtima, tikambirane tikaweruka ngati ndikufuna kuti nkhaniyi ipite patsogolo. Mu chati munayamba kugwa timitima ndi tizibakera. Awiri mwa otumizawo ndi anyamata a pa bwalo la mpira aja. Mmodzi analemba kuti tili nawe habibi, ndiko kuti wokondedwa. Wina amene amadziwa kuti Ton amakhala nyumba yathu anafunsa ngati si agogo ake amenewo, ndipo wina anaika kachithunzi koseka.

Ndapambana. Ndakhala pa bedi ndi chipambano changa masana onse, chikununkha ngati sokosi.

Kadengu sikanatsike.

Lachiwiri, 21 Epulo

Pamwamba palibe kamtondo, palibe mpando. Madontho a tsabola amene amagwera pa chitsulo chathu m'mawa uliwonse sanagwe. Ndinakagwira chitsulo kuti nditsimikize. Chouma.

Madzulo foni inalira. Nambala yachilendo, Ton, waitenga pa gulu la kalasi. Uthenga wake woyamba kwa ine chibadwire: "Amayi akufuna mbale yawo."

Ndinalemba ndi kufufuta kwa nthawi yaitali. Iye sanadikire. Anati agogo ake anamuona atatseka laputopu akulira, anamukakamiza kunena, ndiye anawamasulira zonse, ndi chithunzi chomwe, poti wina anachijambula n'kuchiponya pa gulu. Agogo anafunsa kuti mwanayo wakwiya chifukwa chiyani, si anakweradi? Ton anawafotokozera zimene liwulo limatanthauza likanenedwa kwa munthu wa ku Africa, zimene anthu amachita m'mabwalo a mpira. Akuti agogo anakhala pansi, anafunsanso kachiwiri kuti amve bwino, kenako analowa kuchipinda. Kuyambira pamenepo sanatuluke pakhonde. Akuti nkhope yawo yatayika, ndiko kuti ulemu wawo watha, ndipo ana a sukulu yonse aona vesiti yawo.

Ndinafunsa zimene ananena tsiku lija, zonse. Ton anati: tsika nyani iwe, ugwa, amayi ako ali kuti, tsika nyani. Anati iyenso amatchulidwa choncho tsiku lililonse akadumpha pa sofa. Pepala langa la umboni la Loweruka lija ndalitaya mu bini.

Kenako analemba izi, ndazikopera momwe zilili: "Sindikunena kuti sizinakupweteke. Ukanandifunsa. Ndimakhala pamwamba pa denga lako. Unafufuza mpaka ku India koma sunakwere masitepe."

Patapita kanthawi anawonjezera kuti wanon palibe amalinena pokhapokha m'mabuku ndi m'magule akale, ndipo mmene ndinalitchulira zinamveka ngati ndikuitana mphaka.

Lachitatu, 22 Epulo

Ndawauza ababa, ndi chithunzi ndawaonetsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, tiyi akuzizira.

Anati liwulo ndi loipa, pamenepo ndisalole munthu kunditsutsa, iwonso analimvapo kwa makasitomala ndipo limakhala m'mimba sabata yathunthu. Anati ndikanabwera kwa iwo tsiku lomwelo, akanakwera okha kukalankhula ndi bambowo ngati akulu okhaokha, n'kumuuza kuti kuno mawu amenewo sitinena. Koma kutenga munthu wa imvi, mlendo m'dziko la eni, n'kumuyanika pamaso pa ana, zimenezo anati sanandiphunzitse iwo. Anafunsa ngati ndinauza kalasi kuti ndinali ndikulendewera pa paipi. Ndinayang'ana tiyi.

Kwathu zikanakhala zosavuta, anatero. Akanandiperekeza, ine n'kunjuta pansi pakhomo, kuwomba m'manja, iwo n'kulankhula m'malo mwanga. Koma iwo amakumana ndi anthu mazanamazana ku sitolo, sangayerekeze kuyandikira munthu wokalamba, ndipo ine ndimapuma mpweya umodzi ndi iwo. Pakhomo pa anthu aja sitipondapo. Anayang'ana pa firiji nati, "Mbale ija ikadali pano?"

Ndalembera Misi Jean kuti nkhani isapite kulikonse, ndipo ndanena za paipi. Pa gulu la kalasi ndalemba kuti amene ali ndi chithunzi achifufute, ndinachijambula mobisa ndipo nkhani ndinainena theka. Timitima sitinabwere. Habibi uja anangowerenga.

Lachinayi, 23 Epulo

Amayi atumiza mavoisi asanu a kaphikidwe ka zitumbuwa. Nthochi zakupsa kwambiri, ufa wa mgaiwa umene ababa anagula ku Naif lokodauni isanayambe, kamchere, mafuta otentha koma osafuka. Muyeso wawo ndi "mpaka uone kuti zakwana".

Ndinawauza kuti taonani, anditchula nyani, ine n'kuwatumizira nthochi. Anati ndisiye nzeru za m'kalasi, ndikande ufa.

Zoyeserera za lero zinatuluka zakuda kunja, zaziwisi m'kati. Alamu ya utsi inalira, ndinaipepesa ndi thaulo. Nthochi zatsala zokwanira ulendo umodzi. Mwezi waoneka, mawa Ramadani.

Tsabola wa pamwamba ndikamuyang'ana cham'mbali masamba agwa makutu.

Lachisanu, 24 Epulo, 1 Ramadani

Nzeru zanga zinandiuza kuti ndiphike masana kuti zifike zotentha. Nzeru zomwezo zinaiwala kuti ndili pa swaumu, sindingalawe. Ndakazinga zitumbuwa khumi ndi ziwiri ndi mphuno yokha, m'mimba mukulira ngati njinga yamoto. Zinayi ndataya. Zotsalazo ndi zofiirira, zina zooneka ngati mapu a Malawi. Mchere sindikukumbuka ngati ndinathira kamodzi kapena kawiri.

Ndinalembera Ton kuti atsitse chingwe. Anayankha kuti yalla, tiye nazo, koma agogo sadya zamafuta. Ndinati angowauza kuti mbale yabwera, ndipo mwini kuphika ali pakhonde akufuna kuwaona.

Kadengu kanatsika. Ndinaikamo mbale, ndinavindikira ndi ina yathu, kanakwera kakuzungulira, kakugunda khoma. Ndinatsamira chitsulo, mapazi onse pansi, khosi nditapotoza kuyang'ana m'mwamba. Ndinadikira mpaka khosi kuuma. Ndinamva masilipasi akukwekwereza.

Anasuzumira. Avala shati ya mabatani, yomangidwa mpaka pakhosi, kutentha konseku. Chitumbuwa m'manja, cholumidwa kamodzi, akutafuna mwa munthu amene waganiza kuti amaliza zivute zitani. Ton pambali pawo.

Mawu onse amene ndinakonza anathawa. Thupi linangochita zimene linaphunzira ku Balaka: ndinabwerera m'mbuyo, ndinanjuta pansi, mutu woweramitsa, n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Ndinati pepani agogo, m'Chichewa, poti Chingerezi samva ndipo m'Chithai ndimadziwa anyani okha.

Chimene sindinaganize n'chakuti munthu wa pamwamba amaona wa pansi pokhapokha atatsamira kunja. Kwa iwo, mwana anali pa chitsulo, kenako mwadzidzidzi palibe, kwangotsala kaphokoso ka phwa, phwa, phwa.

Kukuwa kumene kunatsika sindidzakuiwala. Chitsulo chikumenyedwa, amayi a Ton akuthamanga, chitumbuwa chinandidutsa n'kupita kwa amphaka. Ndinadzuka msanga n'kutulutsa mutu. Agogo anali atagwira pamtima, Ton wawagwira lamba kumbuyo kuti iwonso asagwe. Atandiona anatulutsa mawu ambirimbiri, chala chikundiloza.

Ndinafuula kwa Ton kuti awauze kuti ndimapepesa, kwathu timapepesa chonchi, pansi. Ton anamasulira akuseka mpaka misozi. Agogo anamvetsera, anayankha mwachidule. Ton anati, "Akuti nawonso apepesa, sanadziwe. Koma akuti ukafuna kupepesanso uzipepesa poonekera, mtima wawo ndi wakale. Ndiponso mchere wachuluka."

Ndinaseka, ndipo poseka ndinatsamira kwambiri kuti ndiwaone bwino, phazi limodzi linanyamuka. Nkhope yawo inasintha. Ndinaona lilime likupita kumene linazolowera, li, n'kuima pomwepo. Anatembenukira kwa Ton, anafunsa kanthu, Ton anawayankha. Anayang'ananso pansi.

"Bi-la-li," anatero, chala chikuloza pansi pa khonde. Ndinabweza phazi.

Adhana ili pafupi, ababa sanafike, zipatso za tende zomasulira swaumu ndayala kale. Mbale yathu yovindikira ija yatsala pamwamba. Pa chitsulo payamba kugwa madontho.